Mafuta a m'chakudya cha nsomba zoweta ndi zimene amachita m'maselo a chiwindi

Nsomba yoweta imatha kudya bwino ndi kukula mosangalatsa kwa milungu yambiri chiwindi chake chitayamba kale kufooka. Vuto limadzaonekera tsiku lozisamutsa, tsiku lozisankha misinkhu, kapena usiku umene okosijeni wachepa m'madzi. Pa masiku otere, zimene zimayamba kufa ndi zonenepa zija. Mukazitumbula mumapeza chiwindi chotuwa, chotupa, chofewa moti chimaphwanyika mukachikanikiza ndi chala. Ambiri amangoti mafuta anachuluka m'chakudya. Nthawi zina n'zoona, koma kuchuluka ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Zakudya ziwiri zokhala ndi mafuta okwana 10 peresenti chilichonse zikhoza kusiya ziwindi zosiyana kutalitali, malinga ndi ma asidi amene ali m'mafutawo, mmene mafutawo analili pofika m'kamwa mwa nsomba, ndiponso ngati chakudyacho chili ndi zothandiza chiwindi kutulutsa mafuta amene alowamo.

Ma asidi a m'mafuta

Mafuta a nsomba, a soya kapena a nkhuku, onse amamangidwa mofanana: ma asidi atatu amagwirira pa glycerol mmodzi, n'kupanga triglyceride. Asidi aliyense ndi unyolo wa ma atomu a kaboni. Chimene chimasiyanitsa asidi ndi mnzake ndi kutalika kwa unyolowo ndi kuchuluka kwa malo amene ma kaboni awiri agwirana pawiri. N'chifukwa chake pa malipoti a ku labotale mumaona manambala ngati 16:0 kapena 22:6. Nambala yoyamba ndi ya ma kaboni, yachiwiri ndi ya malo ogwirana pawiri.

Palmitic, 16:0, ndi stearic, 18:0, alibe malo otere. Unyolo wawo ndi wowongoka, amathithikana, ndipo mafuta odzala nawo amauma pakazizira. Awa ndi a gulu la saturated. Oleic, 18:1, ali ndi malo amodzi. Linoleic, 18:2, ndi arachidonic, 20:4, ndi a banja la omega-6, pomwe linolenic, 18:3, EPA, 20:5, ndi DHA, 22:6, ndi a banja la omega-3. Malo aliwonse ogwirana pawiri amapinda unyolo, n'kuchititsa kuti mafuta akhale amadzimadzi ngakhale m'madzi ozizira. Koma ndi pamalo omwewonso pamene okosijeni amalowerera n'kuwononga asidiyo. Ubwino ndi kuipa kwa EPA ndi DHA zimachokera pa chinthu chimodzi chomwechi.

Mafuta a kanjedza ali ndi palmitic wa pafupifupi 44 peresenti ndi oleic wa pafupifupi 40. A soya ali ndi linoleic woposa theka, ndi linolenic wa pafupifupi 7 peresenti. A mpendadzuwa wamba amafika pa linoleic wa 60 peresenti kapena kuposerapo, koma omega-3 mulibiretu. A canola ndi oleic pafupifupi 60, linoleic 20, linolenic 10. A linseed ndi linolenic woposa theka. Mafuta a nsomba za m'nyanja zamchere monga anchovy ndi sardine ali ndi EPA ndi DHA wokwana pakati pa 20 ndi 30 peresenti mukawaphatikiza. Palibe mafuta a mbewu wamba amene ali ndi EPA kapena DHA. Kupatula nsomba, amapezeka m'mitundu ina ya ndere, monga Schizochytrium amene ali ndi DHA wochuluka.

Zimene selo la chiwindi limachita ndi mafuta

Mafuta akagayidwa m'matumbo mothandizidwa ndi ndulu, amalowa m'maselo a matumbo, amamangidwanso, kenako amatumizidwa m'magazi atakutidwa ndi mapuloteni. Gawo lina limafika ku chiwindi. Komanso chiwindi chimapanga mafuta akechake kuchokera ku shuga wotsala. Nsomba ikadya sitachi woposa amene ingagwiritse ntchito, ma enzayimu a m'chiwindi amasandutsa shugayo kukhala palmitic. Ndiye kuti chakudya chosauka mafuta koma chodzaza ndi sitachi chimanenepetsa chiwindi ndithu, ndipo chimachinenepetsa ndi asidi amene ali woopsa kwambiri ku selo.

Asidi akalowa mu selo ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kuwotchedwa mu mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, kuti apereke mphamvuyo. Kuti alowemo amafunika carnitine ndi enzayimu yotchedwa CPT1, ndipo kuwotchako kumafuna okosijeni wambiri. Yachiwiri ndi kutumizidwa kunja: selo limamanga triglyceride, n'kumukulunga mu kaphukusi kotchedwa VLDL, kamene kamapita m'magazi kukasiya mafuta ku minofu ndi ku malo osungira mafuta. Yachitatu ndi kusungidwa mu selo momwemo ngati timadontho.

Njira yachiwiriyi ndi imene imaiwalika kwambiri, chikhalirecho ndi imene imatsekeka kawirikawiri. Chikuto cha VLDL chimapangidwa ndi puloteni yotchedwa apoB pamodzi ndi phosphatidylcholine, amene sangapangike popanda choline kapena methionine, michere imene nsomba imapeza m'chakudya. Zimenezi zikapereŵera, selo limakhala ngati nkhokwe imene katundu akungolowa koma matumba otulutsira palibe. Mafuta amaunjikana ngakhale chakudya chili ndi mafuta a mlingo woyenera. Izi zimachitika kwambiri pamene fishmeal, ufa wa nsomba zouma, wachotsedwa m'chakudya n'kuikamo mapuloteni a zomera, chifukwa fishmeal amabwera ndi choline, phospholipid, methionine ndi taurine, zimene soya ndi mbewu zina zili nazo zochepa. Mafuta ochokera ku mbewu amene ayeretsedwa amakhala atachotsedwanso lecithin wawo, amene ndi gwero la phosphatidylcholine. Wopanga chakudya amaona kuti mapuloteni ndi mafuta zakwana pa pepala, osadziwa kuti zotulutsira mafuta m'chiwindi zatsala kunja.

Kadontho ka mafuta si mdani weniweni

Pa maikulosikopu, chiwindi chonenepa chimaoneka ndi maselo otupa, odzaza ndi timadontho, nyukiliyasi itakankhidwira m'mbali. Maonekedwewa amachititsa mantha, koma tiyenera kusiyanitsa. Triglyceride amene watsekeredwa mu kadontho alibe zambiri zimene angawononge. Kumuika m'menemo ndi njira imene selo limadzitetezera. Choopsa ndi asidi amene akuyandama mu selo osamangidwa, makamaka palmitic.

Palmitic akachuluka, selo limalephera kumumanga yense kukhala triglyceride. Wina amalowa mu nembanemba za endoplasmic reticulum, malo amene mapuloteni atsopano amapindidwa kuti akhale m'maonekedwe ake. Poti unyolo wake ndi wowongoka, nembanembazo zimauma, mapuloteni amayamba kupindika molakwika n'kuunjikana. Selo limayankha pochepetsa kupanga mapuloteni ndi kuonjezera othandizira kupinda monga GRP78. Zikatha msanga selo limachira. Zikapitirira, puloteni yotchedwa CHOP imakwera ndipo selo limadzipha lokha. Onani kuti apoB amapangidwira mu endoplasmic reticulum momwemo, choncho ikasokonezeka, VLDL amachepa, mafuta amatsekeredwa kwambiri, vuto n'kumadzikulitsa lokha.

Palmitic wina amasanduka ceramide, amene amafooketsa mitochondria. Mitochondria yofooka siwotcha mafuta mokwanira ndipo imataya tizidutswa ta okosijeni tolusa timene timaononga zonse zimene takhudza. Palmitic amadzutsanso njira za kutupa kudzera mu NF-kB, moti maselo a chitetezo amathamangira ku chiwindi ngati kuli tizilombo chikhalirecho kulibe.

Chodabwitsa ndi oleic. Maselo a chiwindi akapatsidwa oleic ku labotale amadzaza ndi timadontho kuposa opatsidwa palmitic, koma safa. Akapatsidwa onse awiri pamodzi, oleic amathandiza kukokera palmitic mu triglyceride ndipo imfa ya maselo imachepa. N'chifukwa chake mafuta a kanjedza, ngakhale ali ndi palmitic wambiri, sapha nsomba za m'madzi ofunda akaikidwa pa mlingo wabwino: oleic amene ali momwemo amachepetsa ukali wake. Selo lokha lili ndi enzayimu yotchedwa SCD imene imasandutsa stearic kukhala oleic ndi palmitic kukhala palmitoleic, ndipo imeneyi ndi chitetezo chachikulu cha chiwindi.

Apa m'pamene njere za thonje zimalowa. Mafuta otsala m'njerezi ali ndi ma asidi awiri achilendo, sterculic ndi malvalic, amene amatseka SCD. Nsomba za trout zodya ma asidiwa zimakhala ndi chiwindi chotuwa, chouma ndi mafuta a saturated, maselo ake atawonongeka. Kafukufuku wotsatira mliri wa khansa ya chiwindi umene unagwa m'malo oswetsera trout ku United States chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anaonetsa kuti gwero lake linali aflatoxin, poizoni wa chuku amene anali m'chakudya cha njere za thonje, ndiponso kuti ma asidi awiriwa amakulitsa kwambiri mphamvu ya poizoniyo yoyambitsa khansa. Amene akugwiritsa ntchito zotsalira za njere za thonje asamangoganiza za gossypol yekha, poizoni wachilengedwe wa m'njerezi. Zofinyidwa ndi makina wamba zimatsala ndi mafuta ambiri kuposa zotsukidwa ndi mankhwala, choncho zimabweranso ndi ma asidiwa ochuluka.

Omega-3 ndi omega-6

EPA ndi DHA amagwira ntchito ziwiri zothandiza chiwindi kuonda. Amatsitsa SREBP-1, puloteni imene imayatsa ma jini opanga mafuta atsopano, ndipo amadzutsa PPAR-alpha, imene imayatsa ma jini owotcha mafuta. Amalowanso mu phosphatidylcholine wa nembanemba ndi wa VLDL. Akachepa m'chakudya, kupanga mafuta kumakwera, kuwotcha kumatsika, kutulutsa kumavuta. Ndiye chifukwa chake chiwindi chonenepa ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira za kupereŵera kwa ma asidi ofunikira, ngakhale m'nsomba yodya mafuta ochepa. Mu trout, zizindikiro zina ndi kudyeka kwa zipsepse za kumchira ndi kukomoka nsomba ikagwidwa. Ku labotale, asidi wa 20:3 wa banja la omega-9 akayamba kuoneka m'nembanemba, ndiye kuti thupi likuyesa kutseka mpata ndi zimene lili nazo.

Nsomba sizifanana pa luso lopanga EPA ndi DHA. Tilapia, carp, milamba ndi trout zili ndi ma enzayimu otalikitsa ndi kupinda unyolo, choncho zimatha kusandutsa linolenic kukhala EPA ndi DHA, ndi linoleic kukhala arachidonic, ndipo ntchito yambiri imachitikira m'chiwindi. Salmon imatha koma mosakwanira zofuna zake zonse. Nsomba zambiri za m'nyanja zamchere monga sea bream, sea bass ndi turbot zimatha pang'ono kwambiri, moti ziyenera kupeza EPA ndi DHA wokonzeka kale m'chakudya. Milingo yodziwika ndi iyi: tilapia imafuna linoleic wa 0.5 mpaka 1 peresenti ya chakudya chouma, trout imafuna linolenic wa pafupifupi 1 peresenti, carp imafuna 1 peresenti ya aliyense wa awiriwa, ndipo za m'nyanja zamchere zimafuna EPA ndi DHA wa pafupifupi 1 peresenti, tiana take tikumafuna woposa pamenepo.

Linoleic ndi linolenic amalimbirana ma enzayimu omwewo. Linoleic akachuluka kwambiri, monga m'chakudya chodalira mafuta a mpendadzuwa kapena a soya okha, nembanemba za maselo a chiwindi zimadzaza ndi omega-6. Kuchokera ku arachidonic thupi limapanga ma prostaglandin ndi ma leukotriene amphamvu pa kutupa, pomwe ochokera ku EPA ndi ofatsa, ndipo EPA ndi DHA amaperekanso ma resolvin amene amathetsa kutupa. Arachidonic ndi wofunika ndithu, pa kuswana ndi pa kupirira nkhawa. Vuto ndi kulemera mbali imodzi. Mu sea bream, kulowetsa mafuta a mbewu m'malo mwa 60 peresenti ya mafuta a nsomba sikubweza kukula kwenikweni, koma chiwindi chimaonetsa timadontho tambiri, makamaka pa mafuta a soya. Zikabwezeredwa ku mafuta a nsomba, maselo amabwerera mwakale. Pali phunziro lalikulu pamenepa: sikelo yoyezera kukula sidziwa zimene zikuchitika m'chiwindi.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chakudya cha tilapia chimene mwathiramo mafuta a soya okwana 3 peresenti chapeza linoleic wa pafupifupi 1.5 peresenti ndi linolenic wa 0.2 peresenti, osawerengera ochokera m'zosakaniza zina. Linoleic wakwana kale, ndipo kuonjezera mafuta a soya sikubweretsa china koposa mphamvu. Ngati mukufuna kuonjezera, ndi bwino kuti gawo lina likhale la canola, la linseed kapena la nsomba. Kwa nsomba ya m'nyanja yamchere yofuna 1 peresenti ya EPA ndi DHA, mafuta a nsomba okhala ndi 25 peresenti ya awiriwa ayenera kukhala 4 peresenti ya chakudya. Fishmeal amakhala ndi mafuta a 8 mpaka 10 peresenti, choncho akakhala 20 peresenti ya chakudya amapereka kale pafupifupi theka la chofunikacho. Amene wachotsa fishmeal wachotsanso theka limeneli, ndipo ambiri amaiwala kulibweza.

Mafuta owonongeka

Pa zonse zimene mafuta angachite ku chiwindi, choipitsitsa chimachokera ku mafuta amene awonongeka ndi mpweya asanadyedwe. Okosijeni akagwira asidi wa malo ambiri ogwirana pawiri, pamayamba mchitidwe wopatsirana: asidi wowonongeka amawononga woyandikana naye. Poyamba pamabadwa ma peroxide, kenako amasweka kukhala ma aldehyde monga malondialdehyde, amene amamata pa mapuloteni ndi pa DNA. Kutentha, kuwala, chinyezi, ayironi ndi kopa zimafulumizitsa zonsezi. DHA amawonongeka mwachangu kuposa linoleic, ndipo linoleic mwachangu kuposa oleic.

Mafuta otere amamaliza vitamini E wa m'chakudya asanadyedwe, kenako amamaliza wa m'thupi la nsomba. Vitamini E amakhala m'nembanemba n'kumaimitsa kupatsirana kuja. Vitamini C amamubwezeretsa akatopa. Selenium ndi gawo la enzayimu ya glutathione peroxidase imene imachotsa ma peroxide. Zitatuzi zikatha, nembanemba za maselo a chiwindi ndi za mitochondria zimayamba kuwonongeka zokha. Zotsalira za mafuta ndi mapuloteni owonongekazo zimaunjikana ngati utoto wofiirira wotchedwa ceroid, umene selo silingaugaye. Chiwindi chimakhala chotupa, cha mtundu wachikasu chofiirira ngati mkuwa. Maselo ofiira a magazi amasweka msanga, nsomba imachepa magazi, ziwalo zake zopumira zimatuwa, nthawi zina m'mimba mumadzaza madzi. Matendawa amadziwika bwino mu trout. Mu carp, ku Japan, chakudya cha mbozi za silika zokhala ndi mafuta owonongeka chinkayambitsa matenda otchedwa sekoke, amene amafotetsa minofu ya kumsana.

Chifukwa chake kuonjezera mafuta a nsomba popanda kuonjezera vitamini E n'kulakwa. Tilapia yodya chakudya cha mafuta ochepa, cha m'ma 5 peresenti, imakwanira ndi mamiligalamu 50 mpaka 100 a vitamini E pa kilogalamu ya chakudya, koma mafuta akakwera, makamaka a omega-3, mlingowu uyenera kukwera nawo. Zakudya za salmon zimaikidwa mamiligalamu 200 kapena kuposerapo. Dziwaninso kuti vitamini E amene amaikidwa m'zosakaniza amakhala wa mtundu wa acetate, amene amayamba kugwira ntchito akagayidwa m'matumbo. Amateteza nsomba, sateteza chakudya chili m'thumba. Choteteza chakudyacho ndi mankhwala ena monga BHT, BHA kapena ma tocopherol osamangidwa, ndipo ayenera kuthiridwa mafuta akadali atsopano. Sabweza mafuta amene awonongeka kale. Ethoxyquin, amene kale ankadaliridwa kwambiri pa fishmeal, European Union inaimitsa chilolezo chake mu 2017.

Poyeza mafuta, peroxide value yokha imanyenga. Imakwera poyamba, kenako imatsika ma peroxide akasweka, moti mafuta owonongekeratu akhoza kuonetsa nambala yotsika. Iyenera kuyendera limodzi ndi anisidine value imene imayeza ma aldehyde. Nambala yophatikiza, TOTOX, imapezeka pochulukitsa peroxide value kawiri n'kuonjezerapo anisidine value. Muyezo wa Codex wa mafuta a nsomba odyedwa ndi anthu umaika malire pa 5 pa peroxide value, 20 pa anisidine value ndi 26 pa TOTOX, ndipo ndi poyambira pabwino poweruza mafuta ogulira nsomba. Peroxide value ikadutsa 10, mafutawo ndi okayikitsa. Popanda labotale, mphuno imathandiza: fungo lakuthwa longa la penti yakale, timibulu tomata kapena tosintha mtundu, ndi nsomba zimene zikutola chakudya n'kuchilavula.

Madeya a mpunga amafuna chisamaliro chapadera. Ali ndi mafuta ambiri pamodzi ndi enzayimu yamphamvu imene imayamba kuswa mafutawo mpunga ukangopunthidwa, moti m'masiku ochepa ma asidi omasuka amakwera. Agwiritsidwe ntchito msanga kapena atenthedwe kuti enzayimuyo ife. Nsomba zing'onozing'ono zamafuta zosungidwa m'firiji kuti zidyetsedwe ku nsomba zina zimawonongekabe pang'onopang'ono ngakhale zitaundana. Chakudya chouma chisungidwe pamalo ozizira, ouma, opanda dzuwa, pa mathabwa osati pansi, chakale chizituluka choyamba, ndipo kumalo otentha chisapitirire miyezi iwiri kapena itatu.

Mtundu wa nsomba, kuzizira ndi okosijeni

Salmon imadya chakudya cha mafuta okwana 30 mpaka 40 peresenti chiwindi chake chili chowonda, chifukwa imasunga mafuta m'minofu ndi mozungulira matumbo. Cod imasunga pafupifupi onse m'chiwindi, moti theka kapena kuposerapo la kulemera kwa chiwindicho likhoza kukhala mafuta nsombayo ili bwinobwino. Tilapia ndi milamba zimasunga kwambiri m'mimba mozungulira matumbo, ndipo tilapia imakhala bwino pa mafuta a pakati pa 5 ndi 12 peresenti. Kupatsa tilapia chakudya cha trout poganiza kuti chodula ndicho chabwino kumainenepetsa chiwindi ndi mimba. Nsomba zodya zinzake nazo sizipirira sitachi wambiri.

Madzi akazizira, mafuta a saturated sagayika bwino, chifukwa amakhala ouma m'matumbo. Komanso nsomba imafunika kuonjezera ma asidi opindika m'nembanemba zake kuti zisaume, ntchito imene imadalira SCD ndi omega-3. Mafuta a ng'ombe kapena a kanjedza amene amagwira bwino m'madzi a 28 digiri akhoza kukhala osathandiza m'madzi a 10 digiri. Kwa nsomba za m'madzi ofunda monga tilapia, madzi akatsika pansi pa 20 digiri kudya ndi kuwotcha mphamvu kumatsika kwambiri. Kupitiriza mlingo wa chakudya wa nthawi yofunda n'kuunjika mafuta m'chiwindi. Okosijeni wochepa amachita zofanana, poti mitochondria siingawotche mafuta popanda iye. Dziwe lothithikana, la madzi oipa, limatulutsa ziwindi zonenepa ngakhale chakudya chili chabwino.

Kuyeza chiwindi

Musadikire kuti nsomba zife. Mwezi uliwonse, kapena milungu itatu kapena inayi mutasintha chakudya, tengani nsomba zosachepera khumi mosasankha, zitakhala maola 24 osadya. Chiwindi cha nsomba yofa kale chimasintha m'maola ochepa ndipo sichingakuuzeni zoona. Yezani nsomba yonse, chotsani chiwindi mosaboola ndulu, chiyezeni pa sikelo yotha kuona 0.01 galamu. Gawani kulemera kwa chiwindi ndi kulemera kwa nsomba n'kuchulukitsa ndi 100. Nsomba ya magalamu 250 yokhala ndi chiwindi cha magalamu 5 ili pa 2 peresenti. Mu mitundu yambiri, 1 mpaka 2 peresenti ndi mlingo wamba, koma chofunika kwambiri ndi mmene nambalayo ikusinthira pa nsomba zanu zomwezo mwezi ndi mwezi. Pa carp kuyezaku n'kovuta chifukwa chiwindi chake chimayanga m'matumbo.

Mtundu umanena zambiri. Chiwindi chabwino ndi chofiirira, cholimba, cha m'mbali mosongoka. Chotuwa, chonona, cha m'mbali mobulungira chili ndi mafuta kapena glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi. Cha mtundu wa mkuwa chikuloza ku mafuta owonongeka. Chobiriwira chikuonetsa kuti utoto wa ndulu sukutuluka, zimene mu yellowtail ndi red sea bream zimayenderana ndi kupereŵera kwa taurine. Timabuma tolimba kapena toyera tikukumbutseni aflatoxin ndi matenda a tizilombo. Ndulu yodzaza ndi yobiriwira kwambiri pa nsomba yosala kudya si vuto.

Diso lokha silingasiyanitse mafuta ndi glycogen, chikhalirecho mankhwala ake ndi osiyana: glycogen akuloza ku sitachi wochuluka. Dulani kachidutswa kosapitirira theka la sentimita kukhuthala, kaikeni mu formalin wa 10 peresenti wochuluka kakhumi kuposa kachidutswako. Ku labotale, njira wamba ya phula imasungunula mafuta n'kusiya mabowo oyera ozungulira bwino, pomwe glycogen amasiya malo oyera osakhala ndi malire omveka. Potsimikiza, mafuta amaoneka ndi utoto wa Oil Red O pa kachidutswa koundanitsidwa, glycogen ndi utoto wa PAS. Wowerenga afunefune zoposa timadontho: ma nyukiliyasi ofota, maselo akufa, magulu a maselo a chitetezo, ceroid ndi zipsera. M'magazi, ALT ndi AST, ma enzayimu a m'maselo a chiwindi, zikakwera ndiye kuti maselo akudontha, koma AST imatulukanso m'minofu, moti nsomba yovutitsidwa pogwidwa ikhoza kuonetsa nambala yokwera chiwindi chili bwino.

Kukonza

Chiwindi chimene changodzaza mafuta, maselo ake ali amoyo, chimachira m'milungu ingapo gwero likachotsedwa. Ceroid wochuluka ndi zipsera sizichoka mosavuta, ndipo nsomba zotere zimakhala zofooka mpaka tsiku lokolola.

Yambani ndi kununkhiza ndi kuyeza chakudya. Ngati mafuta ake awonongeka, chisiyeni tsiku lomwelo, osachisakaniza ndi chatsopano kuti chithe. Perekani chatsopano chokhala ndi vitamini E ndi C wokwera. Ngati chakudya ndi chabwino, tsitsani mlingo wodyetsa, kapena muziphonya tsiku limodzi pa mlungu kwa nsomba zazikulu, poti selo likasowa chakudya limayamba kugaya timadontho take. Tiana ta nsomba tokha sitiyenera kusalitsidwa chotere. Kenako onani sitachi ndi mphamvu yonse poyerekeza ndi mapuloteni, pokumbukira kuti galamu ya mafuta ili ndi mphamvu ya pafupifupi 39 kJ, ya mapuloteni 24, ya sitachi 17. Onani choline: tilapia imafuna pafupifupi galamu imodzi pa kilogalamu ya chakudya, pomwe salmon yodya mafuta ambiri ndi fishmeal wochepa imafuna magalamu oposa atatu, apo ayi mafuta amatsekeredwa ngakhale m'maselo a matumbo. Tiana ta nsomba sititha kupanga phospholipid wokwanira, choncho lecithin wa 2 mpaka 4 peresenti m'chakudya chake amathandiza. Onani methionine ngati mapuloteni ambiri ndi a soya.

Mankhwala oonjezera amene amatsatsidwa kuti amatsuka chiwindi, monga ma asidi a ndulu, carnitine, betaine ndi zochokera ku zitsamba, ena amathandizadi pa chakudya cha mafuta ambiri. Koma sangachotse palmitic wopangidwa ndi sitachi wochuluka, sangabweze DHA amene palibe, ndipo sangakonze thumba limene laima padzuwa mwezi wathunthu. Mukafuna kudziwa ngati akuthandiza, yesani pa dziwe kapena khola limodzi, lina likhale poyerekezera, zonse zikudya mlingo umodzi wa chakudya chimodzi, ndipo pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu muyeze ziwindi za mbali zonse ziwiri tsiku limodzi.